Njira Zambiri Zopita ku Citsime Cimodzi: Phunziro Locokera ku Cinenero ca Python

Nkhani yathu ya lero ikhudza makina a kompyuta, koma funso limene lili pakati pake nlodziwika kwa munthu ali yense amene anakhalapo pamudzi. Funsolo ndi ili: ngati pali njira zitatu zopita ku citsime cimodzi, kodi nkoyenera kutseka ziwiri? Ndipo ngati nkoyenera, zitsekedwe motani kuti anthu amene anazizolowera asabvutike? Anthu okonza zinenero za kompyuta akhala akulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zambiri. Lero tidzaona m'mene eni ake a cinenero cochedwa Python analiyankhira, zimene anapindula, ndiponso mtengo umene analipira.

Cinenero ca kompyuta nciani?

Kompyuta ndi makina omvera malamulo. Kuti igwire nchito iyenera kuuzidwa zocita mwatsatanetsatane, lamulo limodzi pambuyo pa linzake. Mndandanda wa malamulo otere umachedwa pulogalamu, ndipo mau ndi zizindikiro zimene munthu amagwiritsa nchito polemba pulogalamu ndizo cinenero ca kompyuta. Zinenero zimenezi zilipo zambiri, monga momwe zinenero za anthu ziliri zambiri. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Munthu akamva liu lacilendo angathe kupenekera tanthauzo lake poyang'ana mau ena ozungulira. Kompyuta ikapeza liu limene cinenero cake sicilidziwa, imaima pomwepo nikana kupitirira. Sungani mfundo imeneyi, pakuti nkhani yathu yonse yatsamira pa iyo.

Cinenero ca Python cinayambidwa ndi munthu wa ku Netherlands, dzina lake Guido van Rossum. Iye anayamba nchitoyi mu Disembala 1989, ali kugwira nchito pa malo ofufuzira za masamu ndi makompyuta mu mzinda wa Amsterdam, ndipo anacipereka kwa anthu onse mu Febuluwale 1991. Ana ambiri akamva dzina la Python amaganiza za nsato, pakuti ndilo tanthauzo la liuli m'Cingerezi. Koma mwini wake analitenga ku sewero loseketsa la pa wailesi ya kanema ya BBC lochedwa Monty Python's Flying Circus. Lero Python ndi cimodzi ca zinenero zogwiritsidwa nchito koposa pa dziko lonse, m'masukulu, m'mabanki ndi m'malo ofufuzira za sayansi.

Cinenero cimeneci sicisinthidwa mwacisawawa. Munthu akafuna kuti cinthu cacikulu cisinthe, amalemba cikalata colongosola maganizo ake, cimene cimachedwa PEP. Cikalata ciri conse cimapatsidwa nambala, ndipo anthu amakambirana za ico poyera cisanabvomerezedwe kapena kukanidwa. Cifukwa ca mwambo umenewu, tingathe kutsata mbiri ya kusintha kuli konse monga momwe mlenje amatsatira mapazi a nyama.

Kuyendera zinthu cimodzi-cimodzi

M'mawa uli wonse mphunzitsi amatsegula buku la maina naitana ana. Amayamba ndi dzina loyamba, naika cizindikiro, napita pa laciwiri, mpaka atafika pa lotsiriza. Nchito imene acita pa dzina liri lonse ndi imodzimodzi, koma amaibwereza kufikira maina atatha. Mbali yaikulu ya nchito ya kompyuta ndi yotereyi: kuyendera zinthu cimodzi-cimodzi ndi kucita nchito yofanana pa ciri conse. Powerengera malipiro a anchito, posonkhanitsa zotsatira za mayeso, kapena pofunafuna liu m'buku lalikulu, kompyuta imakhala ili kuitana maina monga mphunzitsi uja.

Tsono zinthu zoyenderedwazo ziyenera kusungidwa pena pake. Cimodzi ca zosungiramo zofunika kwambiri mu Python cimachedwa dikishonale, cifukwa cimafanana ndi buku lomasulira mau. M'buku lotere muli liu, ndipo pambali pake pali tanthauzo. M'dikishonale ya Python muli zinthu ziwiri-ziwiri: coyamba ndi mfungulo, caciwiri ndi cinthu cimene mfunguloyo itsegula. Mwacitsanzo, tingalembe maina a zamoyo pamodzi ndi ciwerengero ca miyendo yake motere:

nkhuku, 2
mbuzi, 4
kangaude, 8

Pano mfungulo ndi nkhuku, mbuzi ndi kangaude. Zosungidwa ndi 2, 4 ndi 8. Munthu woyendera dikishonale imeneyi angafune cimodzi ca zinthu zitatu: maina okha, manambala okha, kapena dzina ndi nambala yake pamodzi. Cotero kuyambira m'zaka za m'ma 1990 Python inali ndi malamulo atatu. Lamulo lakuti keys linali kupereka mfungulo, lakuti values linali kupereka zosungidwa, ndipo lakuti items linali kupereka ziwiri-ziwiri. Nchito zitatu, malamulo atatu. Panalibe cosokoneza.

M'mene njira zinaculukira

Malamulo atatuwa anali ndi cizolowezi cimodzi. Asanapereke yankho, anali kuyamba akopera zonse pa mndandanda watsopano. Ganizirani mphunzitsi amene, asanaitane maina, ayamba walemba maina onse a m'buku pa pepala lina, ndipo pambuyo pake awerenga pa pepalalo. Ngati ana ali 40, nthawi yotayika ndi yocepa. Koma ngati maina ali 5,000,000, mapepala adzadzaza cipinda conse dzina loyamba lisanaitanidwe. Kompyuta nayo ili ndi malo ogwirirapo nchito, ochedwa memory m'Cingerezi, amene tingawayerekeze ndi desiki la mwana wa sukulu. Desiki likadzaza ndi mapepala okopera, nchito imayenda mocedwa, ndipo nthawi zina imaimiratu.

Mu 2001 Ka-Ping Yee ndi Guido van Rossum analemba cikalata ca PEP 234, cimene cinabweretsa njira ina. M'malo mokopera zonse, kompyuta ingoika cala pa mzere woyamba, nipereka cimene ciri pamenepo, nisuntha cala kupita pa mzere wotsatira pokhapokha itapemphedwa. Cala cotere sicifuna pepala. Cingofunika kukumbukira pamene cafika. Njira imeneyi inalowa mu Python 2.2, imene inatuluka mu Disembala 2001.

Apa pakubuka funso: bwanji sanangosintha keys, values ndi items kuti agwire nchito mwa njira yatsopanoyi? Yankho lake nlakuti pa nthawiyo anthu anali atalemba kale mapulogalamu osawerengeka odalira pa pepala lokopera lija. Ena anali kulitenga ndi kulisanja motsatira alifabeti. Ena anali kupempha dzina lacitatu kapena lakhumi pa pepalalo. Cala sicingasanjidwe, ndipo sicingalumphire pa dzina lakhumi mwa kamodzi. Kusintha malamulo akalewo kukadaononga nchito ya anthu onsewa tsiku limodzi. Cotero eni cinenero anasiya akalewo monga analiri, naonjezera ena atatu pambali pake: iterkeys, itervalues ndi iteritems. Malamulo anakhala 6.

Tiyenera kumvetsa bwino cinthu cimeneci. Njira yaciwiri siinabadwe cifukwa ca kupusa kapena kusasamala. Inabadwa cifukwa ca ulemu kwa anthu amene anali kuyenda kale m'njira yoyamba. Momwemo ndimo njira zowirikiza zimayambira kawirikawiri, pamudzi ndi m'kompyuta momwe.

Zofanana ndi zimenezi zinalipo pa kuwerenga manambala. Lamulo lakuti range, likapemphedwa manambala 1,000,000, linali kuwalemba onse pa mndandanda lisanapereke ngakhale imodzi. Mnzake wochedwa xrange anali kungosunga poyambira, pothera ndi kukula kwa sitepe, napereka nambala iri yonse pa nthawi yake. Pa kuwerenga mizere ya m'failo panalinso readlines ndi xreadlines. Ndipo mu Julayi 2010, pamene Python 2.7 inatuluka, dikishonale inalandiranso malamulo ena atatu: viewkeys, viewvalues ndi viewitems, amene tidzawalongosola posacedwa. Pamenepo nchito zitatu zija zinali ndi malamulo 9. Munthu wofuna kuyendera mfungulo zokha anali ndi njira zinai, pakuti kuonjezera pa keys, iterkeys ndi viewkeys, anali kuthanso kuyendera dikishonale mwacindunji popanda kuchula lamulo liri lonse la atatuwa.

Kodi njira zambiri ziipa bwanji?

Wina angafunse kuti, "Nanga cobvuta nciani? Munthu ali yense asankhe njira imene aikonda." Aphunzitsi adziwa yankho la funso limeneli kuposa wina ali yense.

Coyamba, wophunzira amasenza katundu wolemera. Mwana amene angoyamba kumene ayenera kuloweza maina 9 m'malo mwa atatu, ndiponso ayenera kudziwa kusiyana kwake asanamvetse ngakhale nchito yeniyeni. Nthawi imene ikadapita pa kuganiza imathera pa kusankha.

Caciwiri, dzina lalifupi ndi losabvuta kukumbukira linali pa njira yoononga malo, pamene njira yosunga malo inali ndi dzina lalitali. Munthu mwacibadwa amatenga cimene ciri pafupi. Cotero ambiri anali kulemba items pamene iteritems ndiyo ikadawathandiza, osadziwa kuti ali kudzaza desiki ndi mapepala acabe.

Cacitatu, pulogalamu imawerengedwa nthawi zambiri koposa momwe imalembedwera. Munthu wowerenga nchito ya mnzake akapeza keys pa mzere wina ndi iterkeys pa mzere wotsatira, amaima nadzifunsa ngati wolembayo anali ndi cifukwa kapena anangosintha mwa cizolowezi. Kukayika kotere kumadya nthawi, ndipo kumabisa zolakwa zenizeni.

Cacinai, njira iri yonse ifuna wolimirira. Lamulo liri lonse liyenera kuyesedwa, kulongosoledwa m'mabuku ndi kukonzedwa likaonongeka. Komanso munthu ali yense wopanga cosungiramo cake cofanana ndi dikishonale anali kuyembekezeka kucipatsa malamulo onsewa, kuti cigwirizane ndi mapulogalamu a anzake. Mudzi wokhala ndi njira zitatu zopita ku citsime umalambula njira zitatu caka ndi caka.

Cithunzi, cala ndi zenera

Mu Disembala 2006 Guido van Rossum analemba cikalata ca PEP 3106. Maganizo ake anali akuti iterkeys, itervalues ndi iteritems acotsedwe, maina atatu akale atsale, koma agwire nchito mwa njira yatsopano. Nzeru imeneyi anaitengako ku cinenero cina cochedwa Java.

Kuti timvetse njira yatsopanoyi, tiyerekeze zinthu zitatu. Mndandanda wokopera uli ngati cithunzi ca bwalo la sukulu: cimaonetsa m'mene bwalo linaliri pa nthawi yojambula, ndipo mwana wina akalowa m'bwalomo pambuyo pake, cithunzi sicimuonetsa. Cala cija cimayenda ulendo umodzi wokha. Cikafika pa mzere wotsiriza nchito yake yatha, ndipo wofuna kuyambanso ayenera kupempha cala cina. Koma njira yacitatu ili ngati zenera. Zenera silikopera kanthu, cotero silidya malo. Mungayang'anepo kawiri kapena kakhumi. Mungawerenge amene ali m'bwalo, ndipo mungafunse ngati wakuti-wakuti alimo. Wina akalowa kapena kutuluka, zenera limaonetsa zimenezo nthawi yomweyo.

Pa 3 Disembala 2008 Python 3.0 inatuluka. M'menemo keys, values ndi items anasanduka mazenera, ndipo iterkeys, itervalues ndi iteritems anacotsedwa. Lamulo la xrange linacotsedwanso, koma nzeru yake yosunga malo inapatsidwa kwa range. Wofuna cithunzi ceniceni sanamanidwe: angacipeze popempha mwacindunji ndi liu lakuti list, kapena lakuti sorted ngati afuna kuti zikhale zosanjidwa. Kusiyana nkwakuti tsopano njira yosunga malo ndiyo ili ndi dzina lalifupi, ndipo wofuna kukopera ayenera kunena poyera kuti afuna kukopera. Malamulo a view aja amene anaikidwa mu Python 2.7 mu 2010 anali mazenera omwewa, operekedwa kwa anthu otsalira pa Python 2 kuti ayambe kuwazolowera.

Mtengo umene unalipidwa

Kwa wophunzira watsopano, kusintha kumeneku kunali mphatso. Kwa amene anali ndi mapulogalamu akale, kunali katundu. Kumbukirani mfundo yathu yoyamba: kompyuta ikapeza liu limene siilidziwa imaima. Pulogalamu iri yonse yokhala ndi iteritems inali kuima pa mzere umenewo ikayendetsedwa ndi Python 3.

Bvuto limenelo linali loonekera, cotero linali lopepukirapo. Lobisika linali pa malamulo amene dzina lake linatsala koma khalidwe lake linasintha. Ganizirani mphunzitsi amene ali kufafaniza m'buku maina a ana amene anasamuka. Ngati awerenga pa pepala lokopera nafafaniza m'buku, palibe cosokonezeka. Koma ngati awerenga m'buku lomwelo limene mizere yake ili kucotsedwa, cala cake cingalumphe dzina kapena kuliwerenga kawiri. Pofuna kupewa zimenezi, Python imaimitsa pulogalamu ikaona kuti dikishonale yakula kapena yacepa pamene ili kuyenderedwa. Cotero pulogalamu imene inali kucotsa zinthu bwino lomwe mu Python 2, podalira pepala lokopera la keys, inayamba kuima mu Python 3 ngakhale kuti palibe liu limene linasowa.

Eni cinenero anapereka cida cochedwa 2to3, cimene cinali kuwerenga pulogalamu yakale ndi kusintha mau ake kuti agwirizane ndi Python 3. Koma anthu ambiri sanathe kusamuka tsiku limodzi, cifukwa mapulogalamu ao anali kudalira pa mapulogalamu a anthu ena amene anali asanasamuke. Anafunika kulemba mwa njira yogwira nchito m'mbali zonse ziwiri. Mu 2010 Benjamin Peterson anatulutsa cothandizira cochedwa six, dzina lotanthauza 6, pakuti 2 kuculukitsa ndi 3 ndi 6. Mwa zina, six inali ndi iteritems yake imene inali kusankha yokha lamulo loyenera pa mbali iri yonse. Onani codabwitsa: pofuna kucepetsa njira, kwa kanthawi njira zinaculukanso.

Mu 2014 kunalembedwa cikalata ca PEP 469, cimene poyamba cinapempha kuti iterkeys, itervalues ndi iteritems abwezeredwe mu Python 3 kuti kusamuka kupepuke. Anthu atakambirana, cikalataco cinabwezedwa ndi mwini wake, ndipo malamulowo sanabwerere. M'caka comweco kunalengezedwa kuti Python 2.7, imene inayenera kuleka kusamalidwa mu 2015, idzasamalidwabe kufikira 2020. Tsiku lotsiriza linali 1 Januwale 2020, ndipo Python 2.7.18, yotsiriza ya mtundu wake, inatuluka mu Epulo caka comweco. Kucokera mu Disembala 2008 kufikira pamenepo panapita zaka zoposa 11.

Tisaike mlandu wonse wa kucedwaku pa malamulo atatu aja. Python 3 inasintha zinthu zambiri pa nthawi imodzi, ndipo cobvuta koposa cinali kasungidwe ka zilembo, kamene kanakonzedwa kuti zilembo za zinenero zonse za anthu zisungidwe mwa njira imodzi. Koma phunziro linamveka kwa onse: kutseka njira zambiri pamodzi, ngakhale pa zifukwa zabwino, kumagawa mudzi pawiri kwa nthawi yaitali.

Kutsazika njira mwa dongosolo

Pali mcitidwe wina wofatsa, umene m'Cingerezi umachedwa deprecation. Tingaulongosole kuti ndi kutsazika lamulo lisanacotsedwe. Akulu akumbukira zimene zimacitika boma likasintha ndalama: limalengeza pasadakhale, ndalama zakale ndi zatsopano zimayenda pamodzi kwa miyezi ingapo, ndipo tsiku limene zakale zidzaleka kulandiridwa m'sitolo limadziwika kwa onse. Kutsazika lamulo la kompyuta kumatsata masitepe ofanana.

Sitepe loyamba ndi kuonetsetsa kuti njira yabwino ilipo kale ndipo icita zonse zimene yakale inali kucita. Laciwiri ndi kulemba m'mabuku a cinenero kuti lamulo lakale latsazikidwa, ndi kuchula lolowa m'malo mwake. Lacitatu ndi cenjezo: lamulo lakale limagwirabe nchito, koma likagwiritsidwa nchito limatulutsa uthenga wakuti masiku ake ali kutha. Lacinai ndi kudikira. Lacisanu, ndipo lotsiriza, ndi kucotsa.

Python ili ndi lamulo lolembedwa pa nkhaniyi m'cikalata ca PEP 387. Limanena kuti, kupatula pa zifukwa zapadera, cinthu cotsazikidwa cikhalebe ndi cenjezo lake kwa mitundu iwiri yotsatizana ya Python kapena kupitirira cisanacotsedwe. Popeza masiku ano mtundu watsopano umatuluka kamodzi pa caka, anthu amakhala ndi zaka zosacepera ziwiri zokonzekera. Cikalata comweco cimalolanso kutsazika kofewa: lamulo lakale limalembedwa kuti lisagwiritsidwe nchito m'mapulogalamu atsopano, koma silicotsedwa. Imeneyi ndi njira imene anthu aleka kuilambula koma sanaitseke ndi minga.

Tione zitsanzo ziwiri. M'mbali ya Python yowerenga mafailo a mtundu wa XML munali lamulo loyendera zinthu lochedwa getiterator. Litabwera lina lochedwa iter, lakalelo linalembedwa kuti latsazikidwa mu Python 3.2 ya 2011, ndipo linacotsedwa mu Python 3.9 ya 2020. Anthu anapatsidwa zaka 9.

Citsanzo caciwiri ndi pandas, cida cochuka cosanthulira manambala a m'mizere ndi m'madanga, cimene Wes McKinney anaciyamba mu 2008. Cida cimeneci cinatengera dzina la iteritems ku Python 2, ndipo cinalisunga kufikira nthawi imene iteritems ndi items anali kucita cinthu cimodzimodzi popanda kusiyana kuli konse. Mu Seputembala 2022, pandas 1.5 inayamba kucenjeza onse ogwiritsa nchito iteritems. Mu Epulo 2023, pandas 2.0 inalicotsa. Apa nthawi inali yaifupi, pafupifupi miyezi 7, ndipo amene sanachere khutu ku cenjezo anapeza mapulogalamu ao ataima. Koma mankhwala ake anali apafupi: kufafaniza zilembo zinai zoyamba za liulo, basi.

Ngakhale cida cija ca 2to3 cinayenda ulendo womwewu. Nchito yake itatha, cinatsazikidwa, ndipo cinacotsedwa mu Python 3.13 ya mu Okutobala 2024. Mlatho wa mitengo umaphwasulidwa anthu onse ataoloka.

Zimene tiphunzirapo

Kodi tsono nkoyenera kutseka njira zowirikiza? Mbiri ya Python ionetsa kuti nkoyenera, pakuti odzaphunzira m'tsogolo ndi ambiri koposa amene anazolowera kale, ndipo mwana woyamba Python lero amaphunzira malamulo atatu osadziwa nkomwe kuti kale analipo 9. Koma ionetsanso kuti phindu ndi mtengo sizigwera anthu amodzimodzi. Wopindula ndi wobwera mawa. Wolipira ndi amene anamanga kale nyumba yake m'mbali mwa njira yakale. Cifukwa cake wotseka njira ali ndi ngongole kwa munthu ameneyu: amuonetse njira yatsopano, amucenjeze poyera, amupatse nthawi ndi zida zosamukira, ndipo amuuze tsiku lenileni. Nayenso wogwiritsa nchito ali ndi udindo wake, ndiwo kuwerenga cenjezo pamene lingali cenjezo cabe.

Zocita m'kalasi

Phunziro ili silifuna kompyuta. Aphunzitsi, lembani pa bolodi maina atatu aja pamodzi ndi manambala ake: nkhuku 2, mbuzi 4, kangaude 8. Sankhani ana atatu.

Mwana woyamba akhale Cithunzi. Akopere maina onse m'buku lake, atembenukire ku khoma, ndipo poyankha mafunso ayang'ane m'buku lake mokha.

Mwana waciwiri akhale Cala. Aime pa bolodi ataloza mzere woyamba. Kalasi ikanena kuti "wotsatira," awerenge dzina limodzi nasunthe cala cake. Akafika pa mapeto akhale pansi, ndipo asayankhenso funso liri lonse.

Mwana wacitatu akhale Zenera. Asalembe kanthu, angoyang'ana pa bolodi nthawi zonse.

Cala atakhala pansi, onjezerani mzere wacinai: nyerere 6. Tsono funsani ana atatuwo kuti pa bolodi pali maina angati. Cithunzi adzati atatu, Cala sadzayankha, ndipo Zenera adzati anai. Lolani kalasi ifotokoze cifukwa cake. Pambuyo pake bwerezani sewerolo, koma fafanizani mzere waciwiri pamene Cala ali pakati pa ulendo wake, ndipo ana akambirane ngati nkwanzeru kuti apitirire kapena aime.

Mafunso

1. Chulani zinthu ziwiri zimene zimakhala pamodzi m'dikishonale ya Python.
2. Ncifukwa ninji mu 2001 eni cinenero anaonjezera malamulo atsopano m'malo mosintha akale?
3. Fotokozani kusiyana kwa cithunzi ndi zenera monga tazigwiritsira nchito m'nkhani ino.
4. Panapita zaka zingati kucokera pamene getiterator inatsazikidwa kufikira pamene inacotsedwa?
5. Lembani masitepe asanu a kutsazika lamulo motsatira dongosolo lake.
6. Ganizirani za cizolowezi cimodzi ca pa sukulu panu cimene cimacitika mwa njira ziwiri. Kukadakhala kuti imodzi iyenera kuleka, ndani angabvutike, ndipo mungamuthandize bwanji?

Aphunzitsi, funso lotsirizali lilibe yankho limodzi. Apatseni ana mpata wokambirana m'magulu asanalembe.